Misonkhano ya Mgonero ndi Nyimbo za Angoni: Mbiri ya Chiyamiko mu Mpingo wa ku Mzimba

Mipingo yotsata chiphunzitso cha John Calvin, imene nthambi zake zidafika m'dziko la Malawi kuchokera ku Scotland ndi ku South Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, idabwera ndi chikhulupiriro chakuti kuthokoza Mulungu ndiwo muzu wa moyo wonse wa mkhristu, osati mwambo waulemu wongotsekera pemphero. Katekisimu wa ku Heidelberg, buku la mafunso ndi mayankho 129 limene lidalembedwa ku Germany m'chaka cha 1563 ndipo likulemekezedwabe mu Sinodi ya Nkhoma, adagawidwa patatu: gawo loyamba limafotokoza za tsoka la munthu wochimwa, lachiwiri za chipulumutso chake, ndipo lachitatu za chiyamiko chimene wopulumutsidwayo ayenera kubweza. Olemba bukuli adaika Malamulo Khumi ndi Pemphero la Ambuye m'gawo lachitatulo, kusonyeza kuti kwa iwo munthu samvera malamulo pofuna kugula chifundo cha Mulungu, koma amawamvera chifukwa chifundocho adachilandira kale. Katekisimu wamfupi wa ku Westminster wa m'chaka cha 1647, amene ana a ku Scotland ankaloweza pamtima, nayenso adamanga pamodzi ulemerero wa Mulungu ndi chimwemwe cha munthu m'yankho lake loyamba lenileni.

Komabe chiphunzitso chikhoza kukhala m'buku zaka zambirimbiri osafika m'mitima ya anthu. Mbiri ya mpingo pakati pa Angoni a M'mbelwa, m'dera limene lero ndi boma la Mzimba, ikuonetsa bwino m'mene chiphunzitso chimenechi chidasandukira moyo, ndipo ikuonetsa kuti kusandukako kudachitika pamene anthu adaloledwa kuyamika ndi mawu awoawo, m'maimbidwe amene makolo awo ankatamandira nawo mafumu ndi ngwazi. Kuti nkhaniyi imveke, pafunika kuyamba ndi mwambo wina wa kumapiri a ku Scotland.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1600, mipingo yambiri ya ku Scotland sinkadya Mgonero wa Ambuye kawirikawiri. Inkadya kamodzi kapena kawiri pachaka, koma ikati idye, inkapatula masiku asanu athunthu, ndipo anthu a m'mipingo yoyandikana ankasiya ntchito zawo n'kuyenda mitunda italiitali kudzasonkhana pamalo amodzi, nthawi zambiri pabwalo chifukwa tchalitchi chinkachepa. Lachinayi linali tsiku losala kudya ndi kulapa. Lachisanu, makamaka kumadera olankhula Chigaeliki, akuluakulu a mpingo odziwika ndi moyo wopemphera ankapatsidwa ndime ya m'Baibulo kuti afotokoze zizindikiro zosiyanitsa mkhristu weniweni ndi wachiphamaso. Loweruka linali lokonzekera, ndipo oyenera kudya nawo ankapatsidwa kachitsulo kozindikiritsa, kamene ankakapereka pofika pagome. Lamulungu anthu ankakhala pa magome aatali, gulu lina likachoka lina n'kubwera, mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lotsiriza, Lolemba, linali la chiyamiko. Mbiri ya mpingo wa kumeneko imagwirizanitsa kukhazikika kwa tsikuli ndi zimene zidachitika ku Shotts pa 21 June 1630, pamene mlaliki wachinyamata John Livingstone, yemwe sayenera kusokonezedwa ndi David Livingstone wa zaka mazana awiri pambuyo pake, adalalikira pa Lolemba lotsatira Mgonero, ndipo zimanenedwa kuti anthu pafupifupi 500 adatembenuka mtima. M'chaka cha 1742 msonkhano wamtundu womwewu ku Cambuslang, kufupi ndi Glasgow, kumene George Whitefield adalalikira nawo, udakoka khamu loyerekezedwa kukhala anthu 30,000.

Dongosolo la masiku amenewa lidali phunziro palokha, chifukwa linkayendetsa munthu kuchokera pa chisoni cha uchimo, kudzera pagome la chikhululukiro, mpaka pa mayamiko, monga momwe magawo atatu a Katekisimu wa ku Heidelberg adasanjidwira. Maimbidwe ake nawonso adali ndi kanthu kena kamene kadadzathandiza ku Africa. Anthu a kumapiriwa ankaimba Masalimo okha, popanda choimbira chilichonse, ndipo popeza ambiri sankadziwa kuwerenga, mtsogoleri wa nyimbo ankatchula mzere umodzi, khamu lonse n'kuulandira, aliyense akuukometsera m'njira yake. Mpingo wa Free Church of Scotland, umene udatumiza amishoni a Livingstonia, udavomereza nyimbo zina zosakhala Masalimo mochedwa, m'zaka za m'ma 1870, ndipo padali mkangano waukulu pa nkhaniyi. Choncho amishoni amene adafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875 adachokera mu mpingo umene udali usanagwirizane ngakhale kwawo komwe za nyimbo yoyenera kuimbira Mulungu.

Zaka zoyamba za mishoni ya Livingstonia zidali zouma. Ku Cape Maclear amishoni angapo adamwalira ndi malungo, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, adabatizidwa m'chaka cha 1881, chaka chomwenso mishoni idasamukira ku Bandawe pakati pa Atonga. Kumtunda kwa Bandawe, kuseri kwa mapiri a Viphya, kudali Angoni, amene adaoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo atayendayenda mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, gawo lina lidabwerera kudzakhazikika pakati pa Atumbuka cha m'ma 1850 pansi pa Inkosi M'mbelwa. Dr Robert Laws, mtsogoleri wa mishoniyo, adazindikira kuti ntchito ya kunyanja singakhazikike popanda kumvana ndi ufumu umenewu, ndipo munthu amene adatsegula njira adali William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, yemwe chilankhulo chake chidali chapafupi ndi Chingoni. Koyi adakhala ku Njuyu pakati pa Angoniwo, nadzamwalira komweko m'chaka cha 1886, chaka chimenenso mafumu adavomereza kuti sukulu zitsegulidwe. Angoni oyamba kubatizidwa, Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, ana a sing'anga wodziwika, adabatizidwa m'chaka cha 1890.

Angoni sadafunike kuphunzitsidwa kutamanda, pakuti moyo wa ufumu wawo udamangidwa pa matamando. Inkosi ikamatuluka pabwalo, mlakatuli wake ankaitchula mayina aulemu, kuwerenga makolo ake ndi nkhondo zimene adapambana, mofuula ndi mothamanga, ndipo mbumba iliyonse idali ndi zithokozo zake, ndiwo mawu aulemu amene munthu amatchulidwa nawo akapereka mphatso kapena akachita chabwino. Pothokoza, Mngoni sankangonena kuti walandira. Ankatchula wopatsayo ndi dzina la makolo ake, kotero kuti kuyamika ndi kutamanda zinkachitika m'mpweya umodzi. Padalinso ingoma, gule amene amuna amavina atandanda m'mizere, atanyamula zishango ndi zibonga, akuponda pansi mwamphamvu ndi mwakamodzi popanda ng'oma, amayi akuwomba m'manja ndi kuthirira mang'ombe. Ndipo padali Ncwala, mwambo wa zipatso zoyamba kucha, pamene fuko lonse linkasonkhana kwa Inkosi, ndipo palibe amene ankaloledwa kudya za m'munda watsopano Inkosiyo isanalawe ndi kuthokoza mizimu ya makolo. Pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mwambo wa Ncwala udali utazilala pakati pa Angoni a M'mbelwa, nkhondo zolanda zidali zikutha, ndipo M'mbelwa mwiniyo adamwalira m'chaka cha 1891. Achinyamata amene kale akadapita kunkhondo adayamba kupita kusukulu kapena kukagwira ntchito kutali, ndipo fuko lidatsala lopanda msonkhano waukulu wa chaka ndi chaka umene unkalikumbutsa kuti ndi fuko limodzi.

M'nyengo imeneyi ndimo mudafika Donald Fraser. Adabadwa m'chaka cha 1870 ku Lochgilphead, m'dera la Argyll, kumene bambo ake adali mbusa wa Free Church, ndipo adakula akuona misonkhano ya Mgonero ya masiku asanu ija. Ali wophunzira ku Glasgow adakhudzidwa kwambiri pa msonkhano wa ku Keswick m'chaka cha 1891, umene unkatsindika za kudzipereka kwathunthu ndi kudzazidwa ndi Mzimu Woyera, ndipo adakhala mmodzi mwa atsogoleri a bungwe la ophunzira odzipereka ku ntchito ya umishoni. Adafika kuno chakumapeto kwa chaka cha 1896, natumizidwa ku Ekwendeni kukagwirizira ntchito ya Dr Walter Elmslie. M'chaka cha 1898 adaitanitsa msonkhano wa Mgonero ngati ya kwawo ija, ndipo padafika anthu pafupifupi 4,000. Ambiri adayenda masiku angapo wapansi, amayi atasenza ufa ndi miphika, ana ali kumbuyo, ndipo popeza panalibe nyumba zokwanira khamu lotere, adamanga misasa ya udzu ndi nthambi kuzungulira mishoni. Masana kunkakhala maulaliki pabwalo ndi kuyesa ofuna ubatizo mmodzimmodzi, ndipo usiku anthu ankasonkhana m'magulu a midzi yawo kuzungulira moto, akuimba mpaka mochedwa. Msonkhanowu udakhala wa chaka ndi chaka, poyamba ku Ekwendeni, kenaka ku Loudon, malo amene anthu amawadziwa kuti Embangweni, kumene Fraser adakhazikika kuyambira m'chaka cha 1902.

Wolemba mbiri T. Jack Thompson, amene adafufuza mozama za ntchito ya Fraser pakati pa Angoni, adaona kuti misonkhano imeneyi idalowa m'malo amene Ncwala idasiya. Mfundo yakeyi ili ndi maziko, pakuti misonkhanoyo inkachitika mvula itatha, nkhokwe zikudzaza, ndipo inkasonkhanitsa anthu a pansi pa mafumu osiyanasiyana pamalo amodzi kudzadya chakudya chopatulika ndi kuthokoza. Fraser ankaganiza za Argyll pamene ankaitana msonkhano, koma amene ankabwerawo ankaumva ndi makutu a Chingoni, ndipo mphamvu ya msonkhanowo idachokera pa kukumana kwa zikumbukiro ziwirizi.

Si amishoni onse amene adakondwera nazo. Elmslie, yemwe adapirira zaka zovuta za ku Njuyu pamene kutembenuka kwa munthu mmodzi kunkatenga zaka, ankakayikira makamu aakuluwa, poopa kuti anthu akungotengeka ndi phokoso la unyinji, ndiponso kuti obatizidwa mwachangu adzabwerera m'mbuyo mwachangu. Nkhawa yake sidali yopanda pake, chifukwa mabuku a mabwalo a mpingo a nthawi imeneyo ali ndi milandu yambiri ya anthu oimitsidwa pa Mgonero chifukwa cha mowa, mitala ndi chigololo. Koma Elmslie adalakwitsa poganiza kuti chimwemwe cha khamu ndi mdani wa kukhwima m'chikhulupiriro. Mwa anthu amene adakula m'misonkhano imeneyi ndimo mudatuluka aphunzitsi, alaliki ndi abusa amene adanyamula mpingo wa kumpoto kwa zaka makumi ambiri, ndipo chimene chidawasunga chidali kuphatikiza kwa zinthu ziwiri: kalasi ya ubatizo, imene inkatenga zaka zingapo ndipo inkaphunzitsa mwakhama, ndi nyimbo zimene zinkapatsa chiphunzitsocho mpweya.

Nkhani ya nyimboyi ndiyo yofunika kuimapo nthawi. Nyimbo zoyamba zimene amishoni adabweretsa zidali zomasuliridwa, mawu a Chingoni, Chitumbuka kapena Chinyanja atakakamizidwa kulowa m'maimbidwe a ku Ulaya. Vuto lake lidali la chilankhulo lenileni. M'zilankhulo za kuno liwu limatsindikidwa ndi kutalikitsidwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene nyimbo zambiri za Chingerezi zimamaliza mzere ndi kugunda kwamphamvu pa phatikizo lotsiriza, kotero kuti woimba ankakakamizika kupotoza mawu a chilankhulo chake kuti agwirizane ndi kamvekedwe ka nyimbo. Omasulira ankadulanso mawu ndi kumeza zilembo kuti ganizo likwane mu mzere waufupi, chifukwa chimene Chingerezi chimanena ndi maphatikizo asanu ndi atatu chimafuna ochulukirapo m'zilankhulo za kuno. Anthu ankaziimba nyimbozo mokhulupirika, ndipo zina adazikonda mpaka lero, koma kuimbako kunkafanana ndi kuyenda mu nsapato zobwereka: munthu amafika ndithu kumene akupita, koma savina.

Mawelera Tembo ndi anzake adali atayamba kale kupeka nyimbo zachikhristu m'maimbidwe a Chingoni Fraser asanafike, ndipo ulemu wa chiyambi uyenera kupita kwa iwo. Chimene Fraser adachita ndi kutsegula khomo lonse. Adakhazikitsa mipikisano ya nyimbo ya chaka ndi chaka ku Loudon, kumene aphunzitsi ankabwera ndi ana a sukulu zawo za m'midzi kudzaimba nyimbo zatsopano, ndipo pa mpikisano umodzi pankamveka nyimbo makumimakumi. Zopambana zinkaphunzitsidwa kwa onse, aphunzitsi n'kubwerera nazo kumidzi, ndipo pofika msonkhano wa Mgonero wotsatira khamu lonse linkaziimba pamodzi popanda buku. Opekawo ankatenga maimbidwe a ingoma, a nyimbo za ukwati wa Chingoni wotchedwa mthimba, a nyimbo za nkhondo ndi zotamanda mafumu, n'kuikamo mawu onena za Khristu. Mtsogoleri ankayambitsa, khamu n'kuvomera, mawu a amuna akutsika pansi molemera monga amachitira pa ingoma. Mayina aulemu amene ankapita kwa Inkosi, onena za ngwazi yogonjetsa adani ndi mtetezi wa anthu ake, adayamba kupita kwa Yesu, ndipo munthu amene adaphunzira ali mwana kuti wopatsa amathokozedwa pomutchula dzina ndi ntchito zake adapeza kuti Masalimo a Davide amachita chimodzimodzi.

Fraser adapitirira pamenepo, nateteza gule wa ingoma pa nthawi imene amishoni ambiri, ndiponso akhristu ena a kuno omwe, ankaletsa magule onse mosasankha. Iye ankasiyanitsa magule amene ankawaona kuti ndi olaula ndi ena amene adali chisangalalo choyera cha fuko, ndipo ankanena poyera kuti chikhristu chochotsa chimwemwe m'mudzi popanda kubwezerapo china chikusiya anthu pangozi. Pa mfundo imeneyi adaona patali kuposa anzake, ngakhale kuti mayina a mabuku ake ena, monga lija la m'chaka cha 1914 lotchedwa Winning a Primitive People, akuonetsa kuti nayenso adali mwana wa nthawi yake, yoyang'ana Mwafirika ngati wotsalira.

Chiyamiko cha m'misonkhanoyi sichidathere pa kuimba. Pa nthawi ya chopereka, anthu amene ndalama zidali zisanafale pakati pawo ankabweretsa zimene adali nazo: madengu a chimanga ndi mawere, nkhuku, mbuzi, makasu, mikanda ndi zibangili, ndipo akulu a mpingo ankagulitsa katunduyu kuti apeze malipiro a aphunzitsi ndi alaliki. Mwa njira imeneyi mpingo wa Loudon udatumiza ana ake kukalalikira kwa Asenga a m'chigwa cha Luangwa, dera lotchedwa Marambo m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene makolo a alaliki omwewo ankapita ndi mikondo kukagwira anthu. Tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Loudon chidamangidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1900 ndi thandizo la ntchito ya manja ya akhristu eni ake. M'nyengo yomweyo Fraser adayambitsa udindo wa balalakazi, amayi achikulire osankhidwa kuti aziyang'anira moyo wauzimu wa amayi ndi atsikana, zaka zambiri mpingo wonse usanavomereze kuti mayi akhale mkulu wa mpingo.

M'chaka cha 1910 mlaliki wa ku Keswick, Charles Inwood, adayendera mishoni za kuno, ndipo misonkhano yake, makamaka wa ku Loudon, idadzetsa kulira kwakukulu ndi kuulula machimo poyera. Chitsitsimutso chimenechi, kutanthauza kudzuka kwadzidzidzi kwa moyo wauzimu pakati pa anthu ambiri nthawi imodzi, chidakumbukiridwa kwa nthawi yaitali, ndipo chidautsanso mkangano uja wa pakati pa okonda kutentha kwa mtima ndi okonda dongosolo. Poyang'ana m'mbuyo, zikuoneka kuti misozi ya m'chaka chimenecho idauma msanga kusiyana ndi nyimbo za m'mipikisano ya ku Loudon. Kuulula machimo pagulu kumachitika kamodzi, ndipo sikungabwerezedwe sabata ndi sabata popanda kusanduka chizolowezi chopanda kanthu, pamene nyimbo yoyamika imaimbidwa kumunda, pamtondo, paulendo ndi pamaliro, n'kumakumbutsa woimbayo tsiku ndi tsiku chimene adalandira.

Aliyense woganiza kuti anthu oyamika amakhala ogonjera chilichonse ayenera kuyang'ana miyoyo ya opeka nyimbowa. Mwa mayina odziwika muli Peter Thole, Mawelera Tembo, Hezekiah Tweya, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula. Tweya ndi Chirwa adali awiri mwa abusa atatu oyamba a kuno amene Livingstonia idadzoza m'chaka cha 1914, pamodzi ndi Yesaya Zerenje Mwasi, atadikira zaka zambiri chimalizireni maphunziro awo. Chirwa adatula udindo wake m'chaka cha 1918 ataulula yekha tchimo lake, ndipo adabwezeretsedwa m'chaka cha 1924 akhristu a ku Loudon atachonderera m'malo mwake kwa nthawi yaitali, amishoni ena akukana. Pambuyo pake adatumikira mokhulupirika mpaka imfa yake. Chinula, mmodzi mwa opeka aluso kwambiri, adali mtsogoleri m'bungwe la Mombera Native Association, limene linkalankhulira anthu pamaso pa boma la atsamunda. Adadzozedwa m'chaka cha 1925, adachotsedwa pa ubusa m'chaka cha 1930, ndipo atakhumudwa ndi m'mene mpingo unkachitira ndi ogwa, adayambitsa mpingo wake m'chaka cha 1934, umene pambuyo pake udagwirizana ndi wa Mwasi, yemwe adali atapatuka m'chaka cha 1933. Anthu amenewa ankathokoza Mulungu ndi mtima wonse pamene ankatsutsana ndi amishoni maso ndi maso, ndipo zikuoneka kuti kudziwa kuti chisomo adachilandira kwa Mulungu mwini, osati kwa mzungu, ndiko kudawalimbitsa mtima wotsutsa. Mpingo umene udachotsa Chinula sudaleke kuimba nyimbo zake, ndipo iye adabwereramo atakalamba.

Nyimbo za Angonizi zidasonkhanitsidwa m'mabuku, ndipo buku la Chitumbuka la Sumu za Ukristu lili ndi nyimbo zoposa 100 zopekedwa ndi anthu a kuno, chinthu chosowa m'mabuku a nyimbo a mishoni za nthawi imeneyo mu Africa. Mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre itagwirizana kupanga mpingo wa CCAP m'chaka cha 1924, Nkhoma n'kulowamo m'chaka cha 1926, njira idatseguka yoti zina mwa nyimbozi zimveke pakati ndi kummwera, ngakhale kuti buku la Nyimbo za Mulungu, limene mipingo yolankhula Chichewa imagwiritsa ntchito, lidatsalabe lodzala ndi nyimbo zomasuliridwa. Amuna opita kumigodi ndi kumafamu a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi South Africa adazinyamula pamtima, ndipo magulu awo opemphera ndiwo adali mbewu ya mipingo ya Amalawi m'maiko amenewo. Sinodi ya Harare idakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, ya Zambia m'chaka cha 1984. M'chaka cha 1959 Helen Taylor adasindikiza maimbidwe ena m'buku la Tunes from Nyasaland, ndipo mbusa Tom Colvin adaika mawu a Chingerezi pa ena mwa iwo, kotero kuti lero mipingo ya ku Scotland imaimba maimbidwe ochokera kumidzi ya kumpoto kwa Malawi.

Kuchigawo chapakati mbiri idayenda mosiyanako. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene adayamba ku Mvera m'chaka cha 1889 nafika ku Nkhoma m'chaka cha 1896, adalimbana kwambiri ndi Gule Wamkulu ndi chinamwali, ndipo chifukwa cha nkhondo imeneyo adakayikira ng'oma ndi maimbidwe a m'mudzi kwa nthawi yaitali. Chiyamiko kumeneko chidapeza njira zina: misonkhano ya chitsitsimutso ya chaka ndi chaka, nyimbo za amayi a Chigwirizano, amene pamodzi ndi anzawo a Mvano ku Blantyre ndi a Umanyano ku Livingstonia adabweretsa maimbidwe olandizana m'tchalitchi popanda kudikira chilolezo cha wina, ndiponso mwambo wa masika, pamene akhristu amabweretsa gawo la zokolola zawo ku nyumba ya Mulungu. Mwambo wa masika uli ndi mizu iwiri, wina m'buku la Deuteronomo, limene limalamula mlimi kubwera ndi dengu la zipatso zoyamba ndi kufotokoza mbiri ya chipulumutso cha makolo ake, wina m'nsembe zimene Achewa ndi Amang'anja ankathira pa kachisi pothokoza mvula ndi dzinthu. Pa tsiku la masika matumba a chimanga, mtedza ndi nyemba amaunjikidwa kutsogolo kwa guwa, milaga ikuitanidwa umodziumodzi, uliwonse ukubwera ndi nyimbo yake.

Pali chifukwa chodandaulira ndi m'mene mwambowu ukusinthira m'mipingo ina, makamaka ya m'tauni, kumene masika ndi Pepa Sande zasanduka mpikisano wa ndalama, mayina a opereka zambiri akuwerengedwa mokweza ndipo wosauka akubwerera kwawo ndi manyazi. Chiphunzitso china chofala masiku ano chimauzanso anthu kuti apereke ndi kutamanda n'cholinga chakuti Mulungu awabwezere chuma, ndipo pamenepo dongosolo la Katekisimu wa ku Heidelberg latembenuzidwa, chiyamiko chachoka pa malo ake otsatira chipulumutso n'kukhala mtengo wogulira madalitso. Akhristu a ku Ekwendeni ndi ku Loudon adapereka nkhuku ndi zibangili zawo pa zimene ankakhulupirira kuti adalandira kale, ndipo chopereka chawo chidapita kukalipira mphunzitsi wa kwa Asenga amene ambiri a iwo sadawaonepo.

Fraser adachoka ku Loudon m'chaka cha 1925 kukagwira ntchito ya mpingo ku Scotland, namwalira m'chaka cha 1933. Phulusa lake adabwera nalo kuno mkazi wake, Dr Agnes Fraser, ndipo lidaikidwa ku Embangweni m'chaka cha 1935. Jonathan Chirwa atamwalira chaka chotsatira adaikidwa pambali pake. Misonkhano ya makamu zikwizikwi ija idachepa pamene mipingo idachuluka ndipo dera lililonse lidayamba kudya Mgonero palokha, Chingoni nachonso chidazilala m'makomo n'kusiya malo kwa Chitumbuka, ndipo Ncwala idadzatsitsimutsidwa kwa Angoni a Mpezeni ku Chipata m'chaka cha 1980, kunja kwa mpingo. Nyimbo za Tembo, Thole, Tweya, Chirwa ndi Chinula zikuimbidwabe Lamulungu lililonse m'mipingo ya Sinodi ya Livingstonia.